Munda wa M'mimba: Zimene Banja Liyenera Kudziwa za Tizilombo ta M'matumbo

Amene munasendapo mbuzi mukudziwa zimene zimatuluka mukang'amba chifu: udzu wobiriwira, wofunda, wonunkha mowawasa. Mbuzi imadya udzu, masamba, ngakhale makoko a chimanga, koma payokha siingathe kugaya zimenezi. Ntchitoyo imagwiridwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'chifumo. Titati tichotsedwe tonse, mbuziyo ikhoza kuwonda mpaka kufa ili pakati pa msipu.

Nafenso anthu tili nato, kungoti tathu tambiri timakhala kumapeto kwa njira ya chakudya, m'matumbo aakulu. Mu 2016 akatswiri a ku Weizmann Institute ku Israel anawerengera n'kupeza kuti munthu wamkulu wolemera makilogalamu 70 amayenda ndi mabakiteriya pafupifupi 38 thililiyoni, pamene maselo a thupi lake lenilenilo ndi 30 thililiyoni. Mutawaika mabakiteriya onsewo pasikelo angalemere magalamu 200 okha, ngati madzi a m'kapu yaing'ono.

Tinazolowera kumva mawu oti tizilombo atatsagana ndi mawu oti matenda. Alangizi a zaumoyo akamatiuza kusamba m'manja sanama ayi. Koma mabakiteriya ambiri a m'matumbo ndi antchito athu. Amagaya zimene mimba yalephera, amapanga mavitamini ena, amaphunzitsa chitetezo cha m'thupi kusiyanitsa mlendo ndi mdani, ndipo amadzaza malo kuti oyambitsa matenda asowe pokhala. Ganizirani munda wa kasakaniza: chimanga chaima, nyemba zayanga m'mapesi, dzungu layala pansi. Pamene dzungu laphimba, udzu umavutika kumera. Munda womwewo ukapsa n'kutsala mbee, choyamba kutulukira si chimanga koma namsongole.

Mbewu yoyamba imachokera kwa mayi

Mwana akakhala m'mimba, matumbo ake amakhala ngati munda wosadzala. Mbewu yoyamba amailandira pobadwa, kuchokera m'njira yobadwira ndi pakhungu la mayi ake. Chotsatira ndi bere.

Mu mkaka wa m'mawere muli mitundu ina ya shuga imene khanda siligaya n'komwe. Imangodutsa mpaka kukafika m'matumbo aakulu, ndipo kumeneko imakadyetsa bakiteriya wotchedwa Bifidobacterium, amene dokotala wa ku Paris, Henry Tissier, anamupeza mu 1899 m'chimbudzi cha makanda oyamwa. Tinganene kuti mayi akamayamwitsa amaphikira awiri: mwana ndi alonda a mwanayo. Bifidobacterium akadya shugayo amatulutsa asidi, m'matumbo mumawawasa, ndipo tizilombo totsegula m'mimba timalephera kuswana. Ichi n'chifukwa chake chimbudzi cha khanda loyamwa bere lokha chimakhala chachikasu, chofewa, chonunkhira kuchambiko. Mayi asachite nacho mantha, ndi mmene chiyenera kukhalira.

Mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena amaufinyira pansi poti ndi woipa, ndiwo uli ndi chitetezo chochuluka kuposa wina uliwonse. Khanda liikidwe kubere ola loyamba lisanathe. Kwa miyezi 6 lisapatsidwe madzi, phala lamadzimadzi kapena zitsamba zakumwa, ngakhale kunja kutatentha ngati mu Okutobala, chifukwa mkakawo uli kale ndi madzi okwanira. Kasupuni kamodzi ka madzi a pachitsime kakhoza kudzala mbewu yoipa m'munda umene sunamere bwino. Agogo ndi apongozi, mawu anu ndi amene amamveka pakhomo, tithandizeni pamenepa.

Uchi nawo usaperekedwe kwa mwana amene sanakwanitse chaka. Nthawi zina umakhala ndi njere za bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum. Mwa munthu wamkulu njerezi zimasowa pomera chifukwa malo anadzaza kale, koma mwa khanda zimamera n'kutulutsa poizoni wofooketsa thupi mpaka kulepheretsa kupuma.

Mwana wobadwa pa opaleshoni amayamba ndi mitundu yosiyanako ya mabakiteriya, koma bere limathandiza kuwongola zimenezo. Pofika zaka zitatu, munda wa mwana aliyense umakhala utayamba kufanana ndi wa munthu wamkulu.

Wina akadya, mnzake amatola zotsala

M'matumbo a munthu mmodzi mumakhala mitundu mazanamazana ya mabakiteriya. Mayina awo ndi achilatini, ovuta kutchula, ndipo palibe amene adzakufunseni pamayeso. Chofunika kumva ndi mmene amakhalirana.

Gaga wa chimanga, makoko a nyemba, timitsitsi ta m'masamba ndi ta m'mbatata, zonsezi mimba yathu siigaya. Zikafika m'matumbo aakulu amazilandira ndi Bacteroides ndi Prevotella, amene ali ngati anthu okonola pamtondo. Mu 2010 ofufuza anayerekeza ana a m'mudzi wa Boulpon ku Burkina Faso, odya mawere, mapira, khobwe ndi masamba, ndi ana a mumzinda wa Florence ku Italy. Ana a kumudzi aja anapezeka ndi Prevotella wambiri amene anzawo a ku Ulaya analibe. Kafukufuku wa 2012 amene anakhudza midzi ya kuno ku Malawi anapezanso kuti akuluakulu akumudzi kwathu ali ndi mitundu yochuluka ya mabakiteriya kuposa anthu a m'mizinda ya ku America.

Okonolawa akamaliza, amasiya zotsala. Bifidobacterium nayenso amasiya asidi wake. Pamenepo pamabwera Faecalibacterium prausnitzii ndi Roseburia, amene amatola zotsalazo n'kupanga chinthu chotchedwa butyrate. Ichi ndicho nsima ya khoma la matumbo aakulu. Khomalo likadya butyrate limalimba, silitupa, ndipo pomugaya limamaliza mpweya wa okosijeni umene uli pafupi. M'matumbo mukasowa okosijeni, Faecalibacterium amasangalala, chifukwa iye mpweya umamupha. Koma Salmonella ndi anzake oyambitsa matenda amaswana msanga pamene pali okosijeni. Mwaona mmene zikulumikizirana? Nandolo amene mwadya masana amadyetsa bakiteriya, bakiteriyayo amadyetsa mnzake, mnzakeyo amadyetsa khoma la matumbo, khomalo n'kutsekera mdani mpweya.

Ntchito imeneyi imatulutsanso mpweya wina, uja umatichititsa manyazi pagulu tikadya nyemba. Muli kachilombo kena, Methanobrevibacter smithii, kamene si bakiteriya koma ka fuko lina, kamene kamadya gawo la mpweyawo kuti okonola aja asatsamwe ndi utsi wawo womwe. Choncho kuphwisa mutadya nyemba si matenda, ndi chizindikiro choti antchito ali pantchito. Ngati kukukuvutani, viikani nyemba usiku wonse, tayani madziwo, ndipo muziphike mpaka zifewe. Mukamazidya kawirikawiri mimba imazolowera.

Khoma la matumbo limakutidwa ndi zoterera ngati therere. Akkermansia muciniphila, amene anadziwika mu 2004 ku Wageningen m'dziko la Netherlands, amadya zotererazo pang'onopang'ono, thupi n'kumapanga zatsopano. Koma pa mbewa zoyeserera zinaoneka kuti chakudya chikakhala chopanda gaga kwa nthawi, mabakiteriya anjala amatembenukira ku zotererazo mpaka kuzipyapyalitsa, matenda n'kulowa mosavuta.

Pamenepa tiyeni tidzifunse. Timakonola chimanga, kuviika mphale, kutsuka, kuyanika, kugayitsa, kuti nsima iyere ngati pepala. Madeya timapatsa nkhumba ndi nkhuku. Mgaiwa timaunyoza kuti ndi wa nthawi ya njala, kapena wa kusukulu yogonera konko. Kunena zoona, nkhumbazo zikudya bwino kuposa eni ake. Sitikuti musiye ufa woyera, koma phala la m'mawa likhale la mgaiwa wothira nsinjiro, ndipo masiku ena nsima ikhale yosakaniza. Pa ndiwo pasasowe nyemba, khobwe, nandolo kapena nzama, komanso bonongwe, nkhwani, chisoso, kholowa kapena chigwada. Mbatata yophika ndi khungu lake, nthochi zosapsa zophika, magwafa, masuku ndi malambe, zonsezi ndi manyowa a mundawu. Mitundu yosiyana ya mabakiteriya imadya zosiyana, n'chifukwa chake kasinthasintha wa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene amatiphunzitsa kusikelo amathandizanso iwo.

Pali bakiteriya wina woyenera kumutchula, Escherichia coli, amene dokotala wa ana Theodor Escherich anamufotokoza mu 1885. Pafupifupi aliyense ali naye ndipo kawirikawiri savuta. Koma ali ndi abale ake ena otsegula m'mimba, ndipo ngakhale wofatsayo akasochera n'kulowa njira ya mkodzo amayambitsa matenda a chikhodzodzo. Choncho mwana wamkazi aphunzitsidwe kupukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Akatswiri akamayeza madzi a pamjigo kapena pachitsime amafunafuna bakiteriya yemweyu. Akapezeka, ndiye kuti chimbudzi cha munthu kapena cha chiweto chafika m'madzimo.

Zimene mapasa a kwathu anaphunzitsa dziko

Kodi zimatheka bwanji kuti ana awiri obadwa tsiku limodzi, oyamwa bere limodzi, odya mbale imodzi, wina atupikane mnzake ali bwinobwino? Kumudzi yankho limabwera msanga: ndi tsempho, makolo sanadzisunge. Mabanja ambiri alozana zala chifukwa cha zimenezi mwana akufookerafookera.

Ofufuza motsogozedwa ndi Jeffrey Gordon ndi Mark Manary a ku Washington University ku St. Louis, pamodzi ndi anzawo a kuno, anatsatira mapasa a mabanja 317 m'midzi ya chigawo chakumwera, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2013. Mwa mapasa 43 pa 100 alionse, mmodzi ananyentchera kapena kutupikana pamene mnzake anali wathanzi. Atayeza chimbudzi cha anawo anapeza kuti munda wa wodwalayo unali wosakhwima poyerekeza ndi msinkhu wake. Kenako anatenga mabakiteriya a ana otupikana n'kuwaika mwa mbewa zoleredwa popanda kachilombo kalikonse, n'kumazidyetsa chakudya chonga cha m'midzimo, chochuluka chimanga koma choperewera zomanga thupi. Mbewazo zinawonda kwambiri, pamene zolandira mabakiteriya a mapasa athanzi sizinawonde chomwecho. Atazipatsa chiponde zinayamba kubwerera.

Izi zikutiuza kuti kutupikana kumabwera zinthu ziwiri zikakumana: chakudya choperewera ndi munda wa m'mimba wosokonekera. Zinaonekanso kuti chiponde chimakonza mundawo kwa kanthawi, koma mwana akabwerera ku phala la madzi ndi mchere lokha, zinthu zimayamba kubwerera mwakale. Mwana akatuluka pa ndondomeko ya chiponde, ntchito ya pakhomo ndiye yayamba kumene. Ndipo chipondecho ndi mankhwala a mwana wodwalayo, si chogawana ndi abale ake kapena chopaka pa buledi wa bambo.

Ku Bangladesh ofufuza anayesa chakudya chopangidwa mwadala kuti chidyetse mabakiteriya abwino a ana onyentchera, ndipo mu 2021 analengeza kuti ana ochidya ananenepa msanga kuposa odya chakudya chachizolowezi cha kuchipatala. Munali tchana, soya, mtedza ndi nthochi zosapsa. Palibe chimene sichimera kuno.

Thobwa ndi chambiko

Makolo athu ankaweta mabakiteriya asanawadziwe dzina. Phala likazizira n'kuthiramo chimera cha mawere kapena cha chimanga, limasungunuka n'kutsekemera. Likagona, mabakiteriya a m'gulu la Lactobacillus amadya shugayo n'kutulutsa asidi, thobwa n'kuyamba kuwawasa. Kuwawasa kumeneku kumalepheretsa tizilombo tambiri totsegula m'mimba kuswana, choncho thobwa logona limasungika kuposa phala wamba. Chambiko, mabisi a ku Zambia ndi mahewu zimapangidwa ndi mabakiteriya a mtundu womwewu. Ngakhale chinangwa chowawa chimene timaviika popanga ufa wa kondowole, tizilombo ndi timene timachifewetsa kuti poizoni atuluke.

Mabakiteriya a m'thobwa ndi m'chambiko ambiri sakhazikika m'matumbo. Amadutsa ngati aganyu, kugwira ntchito masiku ochepa n'kupita, choncho phindu lake lili pa kumwa kawirikawiri. Koma samalani zinthu zitatu. Thobwa likakhalitsa masiku, yisiti amalisandutsa mowa, ndipo limenelo si la ana. Musalisungunule ndi madzi osawiritsa kapena kutunga ndi kapu imene wina wamwera. Ndipo ngati mukupanga chambiko pakhomo, yambani mwawiritsa mkakawo, chifukwa mkaka wosaphika ukhoza kukupatsirani TB ya ng'ombe ndi matenda ena. Ukazizira, thiranimo chambiko chabwino pang'ono ngati mbewu.

Makapisozi amaotcha munda wonse

Maantibayotiki apulumutsa anthu osawerengeka. Ngakhale kwa ana otupikana aja, kafukufuku wina wochitikira kuno ku Malawi anaonetsa mu 2013 kuti kuwapatsa amoxicillin pamodzi ndi chiponde kumachepetsa imfa. Vuto si mankhwalawo, koma chizolowezi chathu chothamangira kugolosale kukagula makapisozi awiri, kapena Flagyl, kapena Bactrim, nthawi iliyonse m'mimba mukangobwadamuka.

Mankhwalawa sasankha. Amapha mdani pamodzi ndi Bifidobacterium ndi Faecalibacterium, ngati munthu wootcha munda wonse pofuna mbewa imodzi. Mundawo umaphukanso pakatha milungu kapena miyezi, koma mitundu ina imachedwa kubwerera. Pa nthawi imeneyo namsongole amapeza mpata. Yisiti wotchedwa Candida, amene amakhala phee mabakiteriya akamamupanikiza, amachuluka n'kubweretsa zoyera m'kamwa mwa mwana kapena kuyabwa kumaliseche kwa amayi. Bakiteriya wina, Clostridioides difficile, amatha kudzaza matumbo n'kuyambitsa kutsegula m'mimba kosamva mankhwala. Madokotala a ku Amsterdam anaonetsa mu 2013 kuti odwala otere amachira akawaikira m'matumbo mabakiteriya ochokera m'chimbudzi cha munthu wathanzi, choyezedwa bwino. N'zonyansa kumva, ndipo si zoyesa pakhomo, koma zikusonyeza kuti chimene chinasowa mwa odwalawo ndi anansi abwino.

Kutsegula m'mimba kwa ana nthawi zambiri kumayamba ndi mavairasi monga rotavirus, amene maantibayotiki sawakhudza n'komwe. Chimene chimateteza ndi katemera wodonthezera m'kamwa uja, amene ana kuno akhala akulandira kuyambira 2012. Kumwa makapisozi awiri n'kusiya kulinso ndi choipa china: mabakiteriya opulumuka amaphunzira kupirira mankhwalawo, ndipo nzeru imeneyi amapatsirana ngakhale ndi a mtundu wina, monga mmene alimi amagawirana mbewu. Tsiku lodwala chibayo kapena tayifodi, mankhwala aja amapezeka kuti sakugwiranso. Kuthira makapisozi a anthu m'madzi a nkhuku kumabweretsa vuto lomweli.

Maantibayotiki amwedwe pokhapokha achipatala akalemba, ndipo amwedwe monga alembera. Inu amene mumalandira Bactrim wa tsiku ndi tsiku pamodzi ndi ma ARV, musasiye chifukwa cha kabuku kano. Ameneyo akukutetezani ku matenda oopsa, ndipo womuletsa ndi dokotala yekha.

Zilonda zam'mimba

Anthu ambiri amati zilonda zam'mimba zimayamba ndi maganizo, tsabola kapena kukhalitsa ndi njala. Madokotala nawonso ankaganiza choncho mpaka Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Perth ku Australia atapeza bakiteriya wokhala m'chifu momwe muli asidi, Helicobacter pylori. Anzawo atakana kukhulupirira, mu 1984 Marshall anamwa mabakiteriyawo dala n'kudwala. Mu 2005 awiriwa analandira mphotho ya Nobel. Pafupifupi theka la anthu padziko ali ndi bakiteriyayu, ambiri anamutenga ali ana, ndipo ochuluka sadwala naye. Koma mwa ena amaboola zilonda, mwa ochepa n'kudzetsa khansa ya m'mimba. Amachizika ndi maantibayotiki awiri kapena kuposa pamenepo ophatikiza ndi mankhwala ochepetsa asidi monga omeprazole, kwa masiku 10 mpaka 14. Kumwa mkaka kapena soda kumangoziziritsa kwa kanthawi. Aspirin, Brufen, Indocid ndi diclofenac nazo zimaboola m'mimba, choncho wodwala zilonda azipewe. Kusanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda ngati phula ndi ngozi yothamangira nayo kuchipatala tsiku lomwelo.

Adani olowera pakamwa

Munda ungakhale wabwino chotani, dzombe likachuluka limaugonjetsa. Kolera imene inayamba mu Marichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ambiri mwa iwo anali athanzi dzulo lake. Vibrio cholerae, Salmonella wa tayifodi, Shigella wa kamwazi ndi njoka zambiri zam'mimba, onsewa njira yawo ndi imodzi: kuchoka m'chimbudzi cha wina kukalowa m'kamwa mwa wina, kudzera m'madzi, m'manja, m'chakudya kapena pa ntchentche. Mawu oti tizilombo tina n'tabwino asakhale chifukwa cholekerera uve. Chimbudzi chikhale ndi chivindikiro, mpondagiya ndi sopo kapena phulusa zikhale pakhomo pake, madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini, ndipo asungidwe m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono. Chimbudzi cha khanda nachonso chikatayidwe m'chimbudzi, si chosalakwa monga timaganizira. Mwana wokwawa ayalilidwe mphasa pamalo osesa, chifukwa zitosi za nkhuku zimene amatola n'kuika m'kamwa zimakhala ndi Campylobacter, amene amatupitsa matumbo mwakachetechete mpaka chakudya kumangodutsa osalowa m'thupi.

Mwana akatsegula m'mimba, chimene chimapha msanga ndi kutha kwa madzi m'thupi. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa ndipo muzimumwetsa pang'onopang'ono nthawi iliyonse akachita chimbudzi. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso. Mapiritsi a zinc amwe masiku onse amene achipatala anena, ngakhale kutsegulako kutasiya. Musamuchotse kubere ndipo musamumane chakudya poganiza kuti mimba ipume, chifukwa khoma la matumbo ndi mabakiteriya ake zimachira ndi chakudya. Akachira, muonjezereni chakudya kamodzi pa tsiku kwa milungu iwiri.

Koma mukaona magazi m'chimbudzi, chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga, maso olowa, liwombo lolowa, kusanza chilichonse, kukana kuyamwa, kufooka mosadzuka, kapena kutupa mapazi onse awiri, musadikire kuti kuche ndipo musadzere kugolosale. Berekani mwanayo, tengani botolo la Thanzi lomumwetsa m'njira ndi buku lake la kusikelo, mupite kuchipatala.